Kutopa N'kwina, Kulimbitsa Mtima N'kwina

Ena muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ena ku Harare, ena ku Leeds, ku London ndi ku Dublin, ndipo a ku America kwangocha kumene. Tikudziwa kuti pali ena amene mwangoweruka shifiti ya usiku ndipo maso akulemera. Tikuthokoza kuti mwakhala nafe.

Lero tikamba za thupi, makamaka mtima ndi mapapo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pa magulu athu a WhatsApp pamabwera mauthenga ofanana: m'bale wathu anangogwa kuntchito, mlongo wathu wachita sitiroko, tisonkhe ndalama zotumizira thupi kumudzi. Timasonkha, timalira, kenaka timabwerera ku moyo womwe uja. Nthawi zambiri munthuyo sanali wokalamba, ndipo ambiri timangomva kuti inali BP. Si imfa zonse zimene tingazipewe, koma pali gawo limene lili m'manja mwathu. Buku la Genesis limatiuza kuti moyo wa munthu unayamba ndi mpweya wochokera kwa Mlengi, ndiye n'koyenera kuti tidziwe mmene mpweyawo umagwirira ntchito mkati mwathu.

Tiyambe ndi mtima. Kungani chibakera, muchiyang'ane. Mtima wanu ndi waukulu chapamenepo. Ndi mnofu, monga mnofu wa pamkono, koma uli ndi zipinda zinayi ndi tizitseko tosalola magazi kubwerera m'mbuyo. Ganizirani mijigo iwiri yomangidwa pamodzi. Mbali ya kumanja imalandira magazi amene atha ntchito m'thupi n'kuwakankhira ku mapapo. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera ku mapapo n'kuwakankhira thupi lonse, kuyambira ku ubongo mpaka ku chala chakuphazi. Dokotala wa ku England, William Harvey, ndi amene anafotokoza bwino m'chaka cha 1628 kuti magazi amazungulira chonchi, kuchoka ku mtima n'kubwereranso.

Tsopano tichitire limodzi kanthu kena. Ikani zala ziwiri pamkono, munsi mwa chala chachikulu, kapena m'mbali mwa khosi. Mukamva kugunda, muwerenge kwa masekondi 30, kenaka muchulukitse kawiri. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Nambala imene mwapezayo muilembe penapake, tiifunanso kumapeto.

Kugunda kumodzi kumatulutsa magazi okwana pafupifupi mamililita 70. Pa mphindi imodzi ndi malita asanu, chigubu chija cha mafuta ophikira. Magazi onse a m'thupi mwa munthu wamkulu ndi okwananso pafupifupi malita asanu, kutanthauza kuti mphindi iliyonse magazi anu onse amakhala atadutsa mu mtima. Pa tsiku mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 ndipo umapopa malita oposa 7,000. Amenewo ndi madiramu 35 a malita 200. Palibe amene amaulipira ovataimu, ndipo sunapemphepo tsiku lopuma.

Nanga mapapo? Mapapo alibe mphamvu yodzikokera okha mpweya. Pansi pawo pali mnofu waukulu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Mnofu umenewu ukatsika, nthiti n'kutambasuka, mpweya umalowa ngati mu mvukuto wa wosula zitsulo. Mpweyawo umatsika ndi kholingo, n'kugawikana m'timachubu ting'onoting'ono ngati nthambi za mtengo, mpaka kukafika m'timatumba tosaoneka ndi maso. Timatumba timeneti tilipo mamiliyoni oposa 300, ndipo kalikonse kakutidwa ndi timitsempha ta magazi. Khoma lake ndi lopyapyala kwambiri moti okosijeni amadutsa n'kulowa m'magazi, pamene mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi umatuluka m'magazi kuti tiupumire kunja. Tikakhala pansi timapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi.

Okosijeni ameneyu ntchito yake ndi yotani? Nsima imene tadya ili ngati nkhuni. Nkhuni siziyaka popanda mpweya, n'chifukwa chake amayi amauzira moto. M'minofu yathu chakudya chimasanduka mphamvu pogwiritsa ntchito okosijeni, ndipo utsi wake ndi kaboni dayokisaidi uja. Mapapo amalandira okosijeni, magazi amamunyamula, mtima umakankha, minofu imagwiritsa ntchito. Chimodzi chikafooka, zonse zimavutika.

Tsopano taganizirani kuti basi yaima patali ndipo mwayamba kuithamangira. Mwendo usanapite patali, ubongo watumiza kale uthenga ndipo mtima wayamba kufulumira. Ukugunda kawirikawiri, komanso kugunda kulikonse kukutulutsa magazi ochuluka kuposa poyamba. Pa chigubu cha malita asanu chija, munthu wamba akalimbikira amafika pa ndowa yathunthu ya malita 20 pa mphindi, ndipo akatswiri othamanga amapitirira malita 30. Thupi limagawanso magazi mwatsopano. Mitsempha yopita m'matumbo imachepa, ya m'miyendo imatseguka, moti gawo lalikulu la magazi limapita kumene kuli ntchito. N'chifukwa chake kuthamanga mutangokhuta nsima kumavuta. Magazi ena amapita kukhungu kukataya kutentha, thukuta n'kutuluka. Akatumba a m'miyendo nawo amafinya mitsempha n'kuthandiza kukweza magazi kubwerera ku mtima. Tikaima malo amodzi tsiku lonse thandizo limeneli limasowa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mapazi amatupira madzulo.

Kupuma nako kumasintha. Timapuma mozama ndi mofulumira, mpaka ka 40 kapena kuposa pa mphindi. Chimene chimatikakamiza kupuma kwambiri makamaka ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi amene thupi likufuna kutaya, chifukwa moto ukakula utsi umachulukanso. Choncho wefuwefu amene timamva tikakwera mtunda, kwa munthu wopanda matenda, ndi chizindikiro chakuti thupi layankha bwino. Ambiri a ife timangomva befu pang'ono n'kunena kuti zimenezi si zanga, ndakula ine. Befu ameneyo ndi amene mtima ukufuna.

Inu a ku Johannesburg muli ndi nkhani yanuyanu. Mzinda wanu uli pamtunda wa pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo kumeneko kupuma kamodzi kumabweretsa okosijeni wochepa poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Cape Town. Amene mwangosamukira kumene kuchokera kugombe mumadabwa kuti masitepe ochepa akukutopetsani. Pakapita milungu ingapo thupi limapanga maselo ofiira a magazi ochuluka ndipo mumazolowera. Apa tikuona kuti thupi limaphunzira. Likapatsidwa ntchito mobwerezabwereza, limadzikonza kuti liikwanitse.

Munthu akayamba kuyenda ndawala masiku angapo pa sabata, zimene zimachitika ndi izi. M'milungu yoyambirira madzi a m'magazi amawonjezeka, ndiye mtima umadzaza bwino. Pakapita miyezi, mnofu wa mtima umalimba ndipo kugunda kumodzi kumatulutsa magazi ambiri. M'minofu ya miyendo mumamera timitsempha tatsopano, ndipo minofuyo imaphunzira kutenga okosijeni wochuluka m'magazi omwewo. Mitsempha ikuluikulu imakhala yofewa, yotha kutambasuka. Mapapo enieniwo sakula kwenikweni, koma minofu yopumira imalimba, ndipo poti thupi lonse layamba kugwira ntchito mosawononga, mtunda umene unkatithetsa mpweya timaukwera tikucheza. Kwa amene ali ndi BP yokwera, kuyenda kotereku kumaitsitsa ndi manambala angapo. Shuga wa m'magazi nayenso amatsika, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imamukoka.

Wina afunsa kuti, kodi kuthamangitsa mtima sikuutha msanga, monga galimoto imene imayenda kwambiri? Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti mtima wanu umagunda ka 80 pa mphindi mukakhala pansi. Mwayenda ndawala kwa mphindi 30, mtima n'kufika pa 120. Mwawonjezera kugunda 40 pa mphindi, zonse pamodzi 1,200. Koma patapita miyezi, tinene kuti kugunda kwa pokhala kwatsika kufika pa 70. Mwapulumutsa kugunda 10 mphindi iliyonse, usana ndi usiku, kumene ndi pafupifupi 14,000 pa tsiku. Mwalipira 1,200, mwabweza 14,000. Pali chinanso. Mtima nawo umafuna chakudya, ndipo mitsempha imene imaudyetsa imalandira magazi ambiri pa kanthawi kamene mtima wamasuka, pakati pa kugunda ndi kugunda. Mtima wogunda modekha uli ndi nthawi yokwanira yodzidyetsa. Akatswiri ena othamanga mitunda italiitali mtima wawo umagunda ka 40 kokha pa mphindi akakhala phee, ndipo ali bwinobwino.

Inu a ku London, mabasi ofiira osanjikizana aja anaphunzitsa dziko lonse nkhani imeneyi. Dokotala wina, Jerry Morris, ndi anzake anafufuza za ogwira ntchito m'mabasi amenewa ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1953. Dalaivala ankakhala pampando pafupifupi shifiti yonse. Kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse kutolera ndalama. Basi imodzi, msewu umodzi, mpweya umodzi, koma madalaivala ankadwala ndi kufa ndi matenda a mtima kwambiri kuposa makondakitala. Morris mwiniwake anapitiriza kulimbitsa thupi mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Tsopano tibwere pa ife. Kumudzi palibe amene ankati ndikupita kokalimbitsa thupi. Khasu, mtondo, ulendo wa kuchigayo, njinga yonyamula thumba la chimanga, ndowa pamutu kuchokera kumjigo, zonsezi zinkakweza mtima tsiku ndi tsiku popanda kuzitchula dzina. Kuno tinasintha. Timatuluka m'nyumba n'kulowa m'galimoto kapena m'takisi, kuntchito timakwera chikepe, pobwera timakhala pa sofa ndi foni. Mbale ya nsima sinachepe, mwina yakula, ndipo nyama, mafuta ndi zakumwa zotsekemera zachuluka. Madokotala a ku Britain ndi ku America amanenanso poyera kuti anthu ochokera ku Africa BP imatigwira kwambiri, ndipo imayamba msanga.

Tikudziwa yankho limene lili pakamwa panu. Mukuti, ife timagwira ntchito maola 12, tikafika kunyumba thupi lonse likuphwanya, ndiye mukutiuza zoyendanso? Kutopa kwanu ndi koona ndipo sitikukuchepsa. Amene mumasamalira okalamba, alonda oima pageti usiku wonse, oyendetsa magalimoto akuluakulu, ogwira ntchito m'nyumba za anthu, mumatopadi. Koma tifunse kuti chatopa n'chiyani. Nthawi zambiri ndi msana, mapazi, maso osowa tulo ndi mutu wodzaza nkhawa za lendi, mapepala ndi ana akumudzi. Mlonda angathe kuima maola 12 mtima wake osafulumira ngakhale kwa mphindi zisanu. Mtima umalimba ukakwezedwa kwa kanthawi, kenaka n'kupatsidwa mpata wopuma. Ntchito yotopetsa ya tsiku lonse, yopanda tulo tokwanira, siichita zimenezo. Ngati ntchito yanu imakupumitsani mwamphamvu ndi kukutulutsani thukuta, monga kukwera masitepe kapena kulima m'munda, imeneyo ikuwerengedwa. Ngati imangokuphwanyani thupi, mtima wanu ukudikirabe gawo lake.

Gawo lakelo ndi lalikulu bwanji? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zinthu zokweza mtima pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena zolimba kwambiri monga kuthamanga kwa mphindi 75, komanso masiku awiri azichita zolimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Sizifunika kukhala nthawi imodzi. Mphindi khumi m'mawa, khumi pa nthawi yopuma, khumi madzulo, zonse zimalowa m'thumba limodzi. Ndipo amene sanafike pa 150 asagwe mphwayi, chifukwa phindu lalikulu limapita kwa munthu amene wachoka pa kusachita kanthu n'kuyamba kuchita pang'ono.

Muyeso wake sufuna wotchi yodula. A kwaya, uwu ndi wanu. Ngati mukuyenda ndipo mukutha kuimba nyimbo yonse bwinobwino, onjezerani liwiro. Ngati mukutha kulankhula koma kuimba kukukanika, pamenepo ndi poyenera. Ngati mukulephera kumaliza ngakhale mawu atatu, mwafika pa zolimba kwambiri, ndipo woyamba kumene abwerere m'mbuyo pang'ono.

Tsikani basi siteji imodzi musanafike. Siyani chikepe, kwerani masitepe. Foni ija yoimbira amayi kumudzi, imbani mukuyenda. Nyengo yozizira ku Britain, pamene kumada 4 koloko, yendani m'malo ogulitsira zinthu aakulu aja, kapena tsegulani nyimbo m'nyumba muvine ndi ana, chifukwa kuvina kumakweza mtima chimodzimodzi. Alongo amene mumakhala m'madera oopsa, musayende nokha kukada, pezani mnzanu. Amene mungathe, pali parkrun, ulendo waulere wa makilomita asanu Loweruka m'mawa. Unayambira ku Bushy Park ku London mu 2004 ndipo tsopano umapezeka m'mapaki ambiri a ku Britain, Ireland ndi South Africa. Oyenda pansi amaloledwa, palibe amene amathamangitsidwa chifukwa chochedwa. Yambani ndi mphindi khumi, sabata yamawa muwonjezere zisanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kumbukiraninso kuti mphamvu imeneyi sisungika kubanki. Munthu akasiya kwa milungu ingapo, zimene anapeza zimayamba kubwerera.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa pali moyo. Pali befu wabwino ndi befu woopsa. Wabwino amabwera ndi ntchito ndipo amatha mukapuma mphindi zochepa. Koma ngati mukumva kupweteka, kulemera kapena kufinyika pachifuwa, makamaka ululuwo ukamafalikira kumkono, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana, ngati mukuchita chizungulire kapena kukomoka, ngati mtima ukugunda mosalongosoka, ngati mukubanika mutangokhala kapena mukagona chagada, imani pomwepo. Kwa amayi nthawi zina chizindikiro chimangokhala kufooka kwachilendo, nseru ndi kubanika. Ululu wa pachifuwa ukapitirira mphindi zingapo, imbani foni ya ambulansi: 999 ku Britain, 911 ku America, 112 pa foni ya m'manja ku South Africa ndi ku Ireland. Chimodzimodzi mukaona nkhope yapotoka, mkono wafooka kapena mawu akutuluka mosamveka. Tipemphere, inde, koma tipemphere ambulansi ili m'njira. Musadikire kuti kuche, musayambe mwatumiza uthenga pagulu.

Amene muli ndi matenda a mtima, shuga, mphumu, amene munadwalapo chifuwa chachikulu kapena munagwirapo ntchito mumgodi, ndi amayi oyembekezera, kambani ndi dokotala kapena nesi musanayambe zolimba. Kawirikawiri sadzakuletsani, adzakuuzani poyambira. A mphumu, mpweya wozizira umatha kutsekereza chifuwa, ndiye yambani mofatsa, phimbani pakamwa ndi mpango, ndipo mankhwala anu opopera akhale m'thumba. Amene mumamwa mankhwala a BP musawasiye chifukwa choti mwayamba kuyenda. Wosintha mankhwala ndi dokotala. Mankhwala ena a mtima amachititsa kuti usafulumire kwambiri, choncho inu dalirani muyeso wa kulankhula uja kuposa kuwerenga kugunda. Ndipo fodya amawononga timatumba ta m'mapapo tija, kamene kawonongeka sikameranso.

BP yokwera nthawi zambiri siipweteka. Munthu amatha kukhala nayo zaka akudzimva kuti ali bwino, pamene mtima ukukankha magazi movutikira ndipo mitsempha ya ku ubongo ndi ku impso ikuwonongeka. Njira yodziwira ndi kuyezetsa basi. Kukiliniki amayeza, m'mafamase ambiri amayezanso. Ikamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ikufunika thandizo. Abambo, tikunena ndi inu makamaka, chifukwa ambiri a ife timapita kuchipatala titanyamulidwa.

Mtumwi Paulo polembera Timoteyo anaika za uzimu patsogolo, koma anavomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake. Phindu limenelo kwa ife lili ndi nkhope. Ndi mwana amene akudikira fizi, ndi agogo amene amadalira kandalama ka mwezi ndi mwezi, ndi nyumba imene yafika pa lintala. Tinabwera kuno kudzagwirira ntchito anthu amenewa, ndipo amafuna ife amoyo kuposa ndalama zathu.

Ndiye sabata ino tichite zinthu zitatu. Choyamba, nambala munalemba ija muiwerengenso mawa m'mawa musanadzuke pabedi, muisunge, ndipo tidzaiyang'anenso pakatha miyezi itatu. Chachiwiri, kayezetseni BP Lamulungu likubwerali lisanafike. Chachitatu, pezani munthu mmodzi mumpingo uno, ngakhale ali dziko lina, muzikumbutsana ndi kuimbirana foni mukuyenda. Mutu umodzi susenza denga. Atsogoleri a magulu a amayi, a abambo ndi a achinyamata, tikupemphani muthandize kulumikiza anthu awiriawiri, kuti pasapezeke wotsala yekha.

Amene mwachokera ku shifiti ya usiku, pitani mukagone, tulo nato ndi mankhwala a mtima. Enafe, pulogalamu ikangotha, tivale nsapato tikayende mphindi khumi. Ambuye akusungeni nonse kumene muli. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.